Amayi oyembekezera asamatsuke m'kati mwa njira yoberekera

Amayi ambiri amene amabwera kusikelo ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa anakula akuuzidwa kuti mkazi waukhondo amapisa chala n'kutsuka m'kati mwa njira yoberekera tsiku lililonse. Anankungwi ndi azakhali amalangiza zimenezi ndi mtima wabwino, koma mwambowu umachotsa chitetezo chimene thupi linadziikira lokha.

M'njira yoberekera ya mayi wathanzi mumakhala tizilombo tabwino totchedwa Lactobacillus, tapachibale ndi tija timasandutsa mkaka kukhala chambiko. Pa nthawi ya pakati, mahomoni a estrogen amachuluka, ndipo amachititsa khungu la m'kati kusunga chakudya chamtundu wa shuga chimene tizilomboti timadya n'kutulutsa asidi. Asidi ameneyu, amene madokotala amamuyeza n'kupeza pH (muyezo wa mphamvu ya asidi) yosapitirira 4.5, ndiye amalepheretsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana. N'chifukwa chake chikazi choyera, chosanunkha ndiponso chosayabwa, ngakhale chitachuluka pamene mimba ikukula, si uve ayi.

Sopo, madzi othira mankhwala, zitsamba zoumitsa kapena kansalu kolowetsa m'kati zimakokolola tizilombo tabwinoti, ndipo malo ake amalandidwa ndi tina monga Gardnerella. Zikatero chikazi chimasanduka chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba makamaka mayi akagona ndi bambo. Chodandaulitsa n'chakuti mayi akamva fungolo amawonjezera kutsuka, osadziwa kuti akukulitsa vutolo. Vutoli limawonjezera chiopsezo chobereka mwana masiku asanakwane, ndiye kuti asanathe masabata 37, komanso chotenga kachilombo ka HIV.

Choncho posamba, tsukani kunja kokha ndi madzi oyera, mupukute bwino, ndipo muvale kabudula wam'kati wathonje amene wauma padzuwa. Mukachoka kuchimbudzi, pukutani kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo.

Mukaona fungo, kuyabwa, kutentha pokodza kapena chikazi chachikasu, musangoti ndi mauka n'kuthamangira kwa asing'anga, ndipo musagule makapisozi pagolosale, pakuti mankhwala omwa mwachisawawa amaphanso tizilombo tabwino tomwe tija. Auzeni anamwino kusikelo mosachita manyazi. Vuto la fungo lija amachiza ndi metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl, pamene kuyabwa kobwera ndi chikazi chamibulu kumafuna mankhwala ena, ndipo amene angasiyanitse ziwirizi ndi amene wakuyezani.