Momwe mungayambire kutsatsa malonda pa intaneti muli ku Salima

Mpunga wa ku Lifuwu, usipa wa ku Senga Bay ndi ku Chipoka komanso mango a m'boma lino zili ndi ogula ambiri ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Ogulawo ndalama ali nazo, koma sangakwere minibasi kudzangoona ngati mpunga wanu ndi wosasweka. Ntchito ya zipangizo zotsatsira malonda pa intaneti ndi kuthandiza munthu amene sanakuonenipo kuti akukhulupirireni mpaka kutumiza ndalama zake. Zipangizozo ndi zochepa ndipo zambiri ndi zaulere, koma zimafunika kuziika m'ndondomeko yake, chifukwa amene amayambira kumapeto, kulipira Facebook asanakonze zina zonse, amangotaya mpamba.

Choyamba, konzani foni ndi nambala ya bizinesi

Simufunika kompyuta. Foni ya Android yojambula bwino komanso yokhala ndi malo okwanira osungira zithunzi ndi yokwanira. Chofunika kwambiri ndi nambala yapadera ya bizinesi, yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Kasitomala akamatumiza ndalama amaona dzina la mwini nambalayo, ndipo akapeza kuti pa malonda mwalemba dzina lina koma pa foni patuluka la mlamu wanu, ambiri amabwerera pomwepo osakufunsani chilichonse. Ngati foni yanu imalowa makhadi awiri, khalani ndi nambala ya Airtel ndi ya TNM, popeza netiweki m'mbali mwa nyanja imasiyana malo ndi malo, ndiponso makasitomala ena ali ndi Airtel Money pamene ena ali ndi Mpamba. Pawabanki kapena kasola kakang'ono musakaone ngati chinthu chongodzisangalatsa nacho: magetsi akathima masana foni n'kuzima, wogula amapita kwa wina amene wayankha.

Kenako ikani WhatsApp Business

Iyi ndi pulogalamu yaulere, yosiyana ndi WhatsApp wamba, ndipo inayamba kupezeka mu 2018. Nambala imodzi singagwire ntchito pa mapulogalamu awiriwa nthawi imodzi, n'chifukwa chake nambala yapadera ija ndi yofunika. Mukaitsegula, lembani dzina la bizinesi, malo amene muli (mwachitsanzo Kamuzu Road, Khombedza kapena Senga Bay), nthawi imene mumatsegula ndi kutseka, komanso mawu ochepa ofotokoza zimene mumagulitsa.

Gawo limene ambiri amalidumpha ndi lotchedwa Catalogue, pamene mumaika chithunzi cha katundu aliyense, mtengo wake ndi kufotokoza kwake. Mukalikonza bwino, simudzavutikanso kutumiza zithunzi zomwezomwezo kwa aliyense wofunsa. Palinso Quick replies, mayankho amene mumalemberatu a mafunso obwerezedwa kawirikawiri, monga nambala yolipirira ndi masiku otumiza katundu, ndiponso uthenga wolonjera umene umapita wokha kwa munthu amene wakulemberani koyamba. Uthengawo ulembeni mwaulemu monga mmene mungalandirire mlendo pa sitolo: "Takulandirani bwana, tiuzeni katundu amene mukufuna ndi kumene muli." Zizindikiro za mitundu zotchedwa Labels zimakuthandizani kusiyanitsa amene angofunsa, amene alipira ndi amene katundu wawo ali pa msewu.

Zimene mumaika pa Status zimatha pakapita maola 24 ndipo amaziona okhawo amene munasungirana nambala. Chimodzimodzinso Broadcast, imene imatumiza uthenga umodzi kwa anthu osapitirira 256: amene sanasunge nambala yanu saulandira. Choncho pemphani kasitomala aliyense kuti asunge nambala yanu, ndipo inunso sungani yake. Chizolowezi cholowetsa anthu m'magulu a WhatsApp osawapempha n'choipa, chifukwa ambiri amatuluka atakwiya ndipo ena amatsekeratu nambala yanu. Musanamalize, tsegulani chitetezo chotchedwa Two-step verification n'kuika nambala yachinsinsi ya manambala 6, ndipo nambala imene WhatsApp imakutumizirani pa SMS musapatse munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni.

Zithunzi ndi mitengo

Jambulani panja pa mthunzi m'mawa kapena chakumadzulo, chifukwa dzuwa la masana la ku Salima limayeretsa chithunzi mpaka mtundu weniweni wa katundu osaoneka. Pukutani galasi la kamera, ikani katundu pa nsalu yoyera kapena m'lichero laukhondo, ndipo onetsani kukula kwake. Wogula wa ku Area 25 ku Lilongwe sadziwa kukula kwa chidebe chimene mumayezera, choncho ikani mpunga pa sikelo manambala akuoneka, ndipo ngati ndi chambo, chiyandikizeni ndi dzanja. Zithunzi zikhale zanu zenizeni. Kutenga chithunzi chokongola pa intaneti n'kutumiza katundu wosiyana nacho ndi chinyengo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa nkhani za kutsatsa konama.

Mtengo ulembeni poyera. Ogulitsa ena amakonda kuyankha kuti "bwerani ku inbox", poganiza kuti akubisira anzawo opikisana nawo, koma opikisana nawowo mtengo amaudziwa kale, ndipo amene mumamutaya ndi wogula wa changu. Pulogalamu ya Canva ili ndi gawo laulere lokwanira kulembera dzina, mtengo ndi nambala pa chithunzi. Mawu akhale ochepa ndi akuluakulu, chifukwa ambiri amaonera pa foni zazing'ono komanso pa bandulo yowerengera.

Facebook ndi Google Maps

Tsegulani tsamba la bizinesi pa Facebook m'malo mogwiritsa ntchito akaunti yanu imene mumaikapo za maliro ndi za mpira, ndipo lilumikizeni ndi nambala ya WhatsApp ija kuti wofuna katundu angodina batani n'kukupezani. Eni malo ogona alendo, malesitilanti ndi oyendetsa maboti ku Senga Bay alembetsenso pa Google Business Profile, imene ndi yaulere, chifukwa mlendo wochokera kutali amayamba wafufuza pa Google Maps asananyamuke.

Kulandira ndalama ndi kutumiza katundu

Apa ndi pamene mabizinesi ambiri atsopano amapunthwa. Akathyali amatumiza uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena Mpamba, kapenanso chithunzi cha risiti yabodza, kenako n'kuimba foni mofulumizitsa kuti galimoto ikunyamuka. Musatulutse katundu musanaone nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu, pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena pa *444# ngati ndi Mpamba. Wina akanena kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, muuzeni kuti alankhule ndi kampani ya foniyo, inu musabweze nokha. Pa maoda akuluakulu, monga matumba angapo a mpunga, akaunti ya ku banki ndi yabwino chifukwa imasiya umboni wooneka bwino.

Gwirizanani ndi kasitomala musanatumize kuti ndani alipire mtengo wonyamulira komanso kuti katundu akalandirira pati. Ngati mukugwiritsa ntchito kampani yonyamula katundu, jambulani risiti n'kumutumizira. Ngati ndi minibasi kapena galimoto ya munthu, jambulani katundu atapakidwa, lembani nambala ya galimoto ndi ya dalaivala, ndipo mutumizireni wogulayo nthawi yomweyo. Nsomba zaziwisi zimafuna ayezi ndi ulendo wa m'mamawa. Amene alibe bokosi losungira ayezi ndi bwino ayambe ndi zouma kapena zowamba. Kumbukiraninso nyengo: boma limatseka usodzi wa chambo kuyambira mu Novembala kuti nsomba ziswane, ndipo kulonjeza katundu amene simungamupeze kumawononga dzina mofulumira.

Kope la maoda

Kope wamba la kusukulu likukwanira, ngakhale kuti pulogalamu yolembera ziwerengero ya Google Sheets ndi yabwino kwa amene anaizolowera. Lembani tsiku, dzina la wogula, katundu, ndalama zimene walipira, ndipo koposa zonse, kumene anamva za inu. Pakatha miyezi ingapo, mzere womalizawu ndi umene udzakuuzeni ngati ogula anu amachokera pa Status, pa Facebook kapena kwa anzawo. Lembaninso ndalama za bandulo ndi zimene ejenti amadula mukamatapa, chifukwa ndi tindalama timeneti timene timadya phindu mosaoneka.

Kulipira malonda pa Facebook

Izi zibwere pomalizira, pamene muli ndi katundu wokwanira, zithunzi zabwino ndi nthawi yoyankha anthu. Facebook imafuna khadi ya ku banki yololedwa kulipira kunja, monga ya Visa, choncho funsani kaye ku banki yanu ngati khadi yanu ndi yotsegulidwa komanso malire a ndalama zimene mungalipire. Sankhani uthenga wa pa tsamba lanu umene anthu aufunsa kale kwambiri musanaulipirire, ikani ndalama zochepa kwa masiku ochepa, ndipo sankhani dera limodzi, monga mzinda wa Lilongwe, m'malo mwa dziko lonse, popeza simungathe kutumiza usipa ku Chitipa pa mtengo umene wogula angavomere. Poyeza zotsatira musawerenge anthu amene adina Like. Tsegulani kope lija n'kuona kuti ndi angati anakulemberani komanso ndi angati analipira, ndipo ngati phindu la maodawo silikubweza ndalama zimene Facebook yadula, imitsani malondawo, sinthani chithunzi kapena mtengo, kenako yesaninso ndi ndalama zomwezo.