Mmene mungawerengere msonkho wa tawuni m'sewero la Dungeons & Dragons

Woyendetsa sewero la Dungeons & Dragons, sewero la patebulo lomwe osewera amayerekeza kukhala ngwazi za m'nkhani yopeka, limene linatuluka koyamba mu 1974, amafunsidwa kawirikawiri funso ili: kodi mfumu ya tawuni imene osewera afikako ingathe kulipira ndalama zingati kuti aiphere chinjoka chomwe chikutha ziweto? Yankho labwino limachokera pa msonkho umene tawuniyo imatolera pa chaka, ndipo kuwerengera kwake sikovuta ngati mutsata njira ili m'munsiyi.

Yambani ndi chiwerengero cha anthu. Buku la woyendetsa sewero la mu 2014 limati mudzi umakhala ndi anthu osapitirira 1,000, tawuni osapitirira 6,000, ndipo mzinda osapitirira 25,000. Tiyerekeze tawuni ya anthu 5,000. Popeza msonkho umatoleredwa pa banja osati pa khanda lililonse, gawani chiwerengerocho ndi 5, ndipo mupeza mabanja 1,000.

Kenaka muone zimene banja lililonse limapeza. M'malamulo a seweroli, ndalama imodzi yagolide ndi yofanana ndi zasiliva 10 kapena zamkuwa 100; waganyu wopanda luso amalandira zasiliva 2 pa tsiku, pomwe mmisiri amalandira zagolide 2. Gawani mabanja aja m'magulu atatu, ndipo muwerengere masiku ogwira ntchito 300 pa chaka, kuchotsa maholide ndi masiku odwala. Mabanja 700 a alimi ndi aganyu apeza zagolide 60 lililonse, zonse pamodzi 42,000. Mabanja 250 a osula zitsulo, oumba mbiya, osoka nsapato ndi eni malo ogona alendo apeza 600 lililonse, zonse 150,000. Mabanja 50 a amalonda olemera, ngati tiwapatsa zagolide 10 pa tsiku, abweretsanso 150,000. Chuma chonse cha tawuniyo pa chaka ndi zagolide 342,000, ndipo muona kuti anthu ochepa olemerawo ali ndi chuma choposa katatu cha osauka onse. Apa pakhoza kubadwa nkhani yabwino ya sewero, chifukwa wokhometsa msonkho wanzeru amadziwa khomo loyenera kugogoda.

Pa chuma chimenechi, mfumu itenge gawo lochepa. Ine ndimakonda 5 pa 100 alionse, chifukwa anthu omwewo amaperekanso chakhumi kukachisi, ndipo maboma akale analibe kaundula wodalirika wa malipiro a munthu aliyense. Zimenezi zikupereka zagolide 17,100. Musakhulupirire kuti zonsezi zifika mosungira chuma: ena amabisa katundu, ena amathawira kutchire akamva kuti okhometsa msonkho afika, ndipo okhometsawo nawo amadyapo. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mutsala ndi pafupifupi 12,800. Kumbukiraninso kuti alimi ambiri amalipira ndi tirigu, nkhuku kapena ntchito yamanja, choncho gawo lina la msonkhowu lili m'nkhokwe osati m'thumba.

Onjezani ndalama za pachipata, pamlatho ndi pamsika, zomwe matawuni a ku England akale ankadalira kwambiri pokonza malinga ndi milatho. Ngati woyenda pansi alipira yamkuwa imodzi ndipo ngolo ilipira yasiliva imodzi, anthu 200 ndi ngolo 30 pa tsiku abweretsa zagolide 5, kutanthauza 1,500 pa chaka tikawerengera masiku 300 aja. Tawuni yadoko kapena ya pamphambano ya misewu ikuluikulu muichulukitsire kangapo chiwerengerochi. Msonkho wonse tsopano wafika pafupifupi 14,300.

Chiwerengerochi chimayamba kugwira ntchito mukachiyerekeza ndi zimene tawuni imawononga. Msilikali wodziwa ntchito, pa zagolide 2 tsiku lililonse, amadya 730 pa chaka, ndiye kuti asilikali 20 okha amaliza msonkho wonse, linga lisanakonzedwe komanso mfumu yaikulu isanalandire gawo lake. Choncho tawuni yotereyi ikhale ndi alonda okhazikika 10 kapena 12, ndipo nkhondo ikabuka ena atoleredwe pakati pa anthu wamba. Mphotho ya zagolide 500 ndi yaikulu ndithu kwa mfumu yotere, pamene 5,000 ndi ndalama yoti ikakongole kwa amalonda kapena ikweze msonkho.

Ikasankha kukweza msonkho, mbiri ikupatsani zotsatira zake. Ku England mu 1377 munthu aliyense wa zaka zoposa 14 analamulidwa kupereka mapeni 4, koma msonkhowo utachulukitsidwa katatu, ambiri anazemba kalembera, ndipo mu 1381 anthu wamba anagalukira boma motsogozedwa ndi Wat Tyler. M'sewero lanu, msonkho ukadutsa 10 pa 100, ponyani dayisi ya mbali 20 kumayambiriro kwa nyengo iliyonse, ndipo ikagwa pa 5 kapena kutsikira pansi, osewera apeze msika utatsekedwa ndipo nyumba ya wokhometsa msonkho ikuyaka moto.