Kuthandiza wopsa ndi moto pachipatala chaching'ono

Anzathu azaumoyo ku Chikwawa ndi Nsanje, yambani ndi madzi oyera ozizira: thirani pabala kwa mphindi 20. Madzi oundana ayi, amapha khungu. Mwana mumufunditse, amazizidwa msanga ngakhale kuno kotentha.

Chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi 1 peresenti ya thupi, yezerani pamenepo. Mwana akapsa kupitirira 10 peresenti, muikeni dripi ya Ringer's lactate: 4ml kuchulukitsa ndi makilogalamu ake, kuchulukitsanso ndi maperesenti opsawo, kwa maola 24, kuwonjezera pa madzi amene thupi lake limafuna tsiku lililonse. Theka lilowe m'maola 8 oyamba, kuwerengera kuyambira nthawi yomwe anapsa, osati yomwe wafika kuchipatala. Ambiri amaphonya apa, madzi n'kuchepa, impso n'kuwonongeka.

Wopsa kumaso, m'manja kapena kumaliseche, mutumizeni ku Queens ku Blantyre.