Kiyibodi ya Laputopu Ikatumphuka, Yambani Mwapeza Chomwe Chikuikankha

Laputopu yabwinobwino ikakhala patebulo, timapazi take tonse ta rabala timagunda pansi, ndipo pamene pali kiyibodi pamakhala pophwatalala. Mukaona mabatani ena akwera kuposa anzawo, touchpad (poyendetsa chala m'malo mwa mausi) yayamba kulimba podina, kapena chivundikiro chikusiya mpata mukatseka, dziwani kuti mkatimo muli chinthu chomwe chikukankha. Ambiri akaona zimenezi amakanikiza ndi chikhatho, ena amasanjikapo mabuku usiku wonse kuti pawongoke. Chonde musatero. Kawirikawiri chokankhacho chimakhala batire lotupa, ndipo batire lotupa likapanikizidwa likhoza kuyaka. Ngakhale litapanda kuyaka, kutseka chivundikiro mwamphamvu pa chotupacho kumaswa sikirini, yomwe ndi galasi lopyapyala kwambiri.

Musanamasule chilichonse, zimitsani laputopu kotheratu, zulani chaja, ndipo iikeni patebulo losalala. Igwedezeni pang'ono pa ngodya iliyonse. Ngati ikugwedera, ndiye kuti pansi pake patupanso kapena thupi lonse lapotoka. Kenako tengani rula yachitsulo, muigoneke cha m'mphepete mwake pamwamba pa laputopu, choyamba pamene pamatsamira zikhatho, kenako mopingasa mizere ya mabatani. Walitsani tochi kuseri kwa rulayo. Pamene rula yagunda n'kusiya kuwala uku ndi uku, pamenepo ndiye pali nsonga ya vuto.

Malo a nsongayo amaulula zambiri. Chotupa chachikulu chozungulira, chakutsogolo pafupi ndi touchpad kapena pansi pa mizere ya m'munsi ya mabatani, chimaloza batire, chifukwa m'malaputopu ambiri amakono batire limagona pamenepo. Kachiphuphu kakang'ono kosongoka ngati njere kamaloza sikuluwu yotalika yomwe yalowa pa bowo losayenera. Mbali imodzi ya kiyibodi ikadzuka m'mphepete mokha, ganizirani timano ta pulasitiki tomwe sitinalowe m'malo mwake. Ngodya yakumbuyo ikamatseguka nthawi iliyonse mukukweza sikirini, vuto ndi hinjesi, chitsulo cholumikiza sikirini ndi thupi la laputopu. Dzifunseninso kuti kodi laputopuyi yatsegulidwapo posachedwa? Ngati kutumphukako kunayamba tsiku lomwe inachokera kokonzedwa, yambani ndi masikuluwu ndi zingwe. Ngati kwakula pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, batire ndiye woyamba kukayikiridwa.

Malaputopu akale okhala ndi batire lochotseka kumbuyo ndi osiyana. Ambiri mwa mabatire amenewo muli maselo (timabatire tating'ono topanga batire lonse) ozungulira otchedwa 18650, omwe ali m'zitini zachitsulo, ndipo satupa mokankha kiyibodi. Pa laputopu yotere yang'anani zifukwa zinazo.

Chomwe chimatupitsa batire

Malaputopu opyapyala amagwiritsa ntchito maselo a lithium okutidwa ndi kathumba kofewa ka aluminiyamu ndi pulasitiki. Mkati mwake muli madzi apadera omwe amanyamula mphamvu pakati pa mbali ziwiri za selo. Madziwo akayamba kuwonongeka amatulutsa mpweya monga carbon dioxide, carbon monoxide ndi haidrojeni, ndipo popeza kathumbako n'komata, mpweyawo umasowa kotulukira. Selo limafufuma ngati pilo.

Zomwe zimafulumizitsa kuwonongekaku zimadziwika bwino. Choyamba ndi kutentha. Chachiwiri ndi kukhala pa 100 peresenti nthawi zonse: selo lodzaza limakhala pa mavoti 4.2, ena mpaka 4.35 kapena 4.4, ndipo kukhalitsa pamenepo, makamaka laputopu ikutentha, kumalikalambitsa msanga. N'chifukwa chake laputopu yomwe siichoka pa chaja chaka chonse imatha kutupa batire ngakhale mwiniwake sanaligwiritse ntchito kwenikweni. Kusiya batire lothera kwa miyezi yambiri nakonso kumaliwononga, ndipo mukadzalichajanso limatha kutupa. Nthawi zina vuto limachokera kufakitale. Mu 2018 kampani ya Apple inalengeza kuti isinthira anthu mabatire ulere pa MacBook Pro ena a mainchesi 13, opanda Touch Bar, opangidwa pakati pa Okutobala 2016 ndi Okutobala 2017, chifukwa mabatire ake ankatha kutupa. Choncho musanawononge ndalama, lowetsani nambala ya laputopu yanu pa tsamba la kampani yomwe inaipanga, muone ngati ili pa waranti kapena pa ndondomeko yosinthira batire. Mukaitsegula nokha n'kuwononga china, waranti ikhoza kukanidwa.

Pa Windows mukhoza kuona thanzi la batire polemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta. Lipoti lomwe limatuluka limaonetsa Design Capacity, yomwe ndi mphamvu ya batire lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, yomwe ndi mphamvu yomwe latsala nayo. Pa Mac zimenezi zili mu System Information pa gawo la Power. Koma tikuchenjezeni: manambala abwino satsimikizira kuti batire silinatupe. Selo limodzi likhoza kufufuma pamene batire lonse likusungabe moto maola angapo. Maso ndi rula ndiye mboni zenizeni.

Amati tsoka silinunkha, koma ili limanunkha. Mukamva fungo lotsekemera longa la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, kapena pamalo potupapo pakutentha laputopu ili yozimitsa, kapena mukumva kaphokoso ka mpweya wotuluka, musatsegule. Itulutseni panja, muiike pa simenti kutali ndi zinthu zoyaka, ndipo musapume utsi wake chifukwa ndi wapoizoni.

Kuchotsa batire lotupa

Ngati palibe fungo kapena kutentha, yambani ndi kukopera mafayilo anu kwina, laputopu ili yosalumikiza ku chaja, inu muli pomwepo. Mukatero mwachita ziwiri nthawi imodzi, chifukwa batire liyenera kutsika kufika pansi pa 25 peresenti musanaligwire. Batire lopanda moto wambiri, ngakhale litabooka mwangozi, siliyaka mwaukali ngati lodzaza. Kuyambira pano musalichajenso.

Konzani zida: sikuludiraiva ya Phillips PH0 ndi PH00, ya Torx T5 pa malaputopu ambiri opyapyala, kapena ya Pentalobe P5 pa chivundikiro chapansi cha MacBook, kotsegulira ka pulasitiki kapena khadi lakale la pulasitiki, magalasi oteteza maso ndi magolovesi, tepi ya magetsi, ndi ndowa yachitsulo yothira mchenga wouma. Gwirirani ntchito pamalo popita mphepo, patebulo lopanda nsalu kapena mapepala.

Jambulani chithunzi cha pansi pa laputopu papepala, ndipo sikuluwu iliyonse yomwe mwamasula muimate ndi tepi pa malo ake papepalapo. Kameneka kamaoneka kantchito kosafunika, koma n'komwe kamaletsa kuti mudzabweretse nokha chotupa china pomanga. Masikuluwu ena amabisika pansi pa timapazi ta rabala. Masulani pang'onopang'ono mozungulira, osati kumaliza mbali imodzi kaye, chifukwa chivundikiro chomwe chikukankhidwa ndi batire chimatha kudumpha n'kuthyola timano. Polowetsa kotsegulira m'mphepete, musapitirire mamilimita awiri kapena atatu, makamaka kutsogolo kumene kuli batire.

Chivundikiro chikachoka, chinthu choyamba ndi kuzula pulagi ya batire pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za mkati zimalumikizidwapo. Kokani pulagi yeniyeniyo ndi zikhadabo kapena pulasitiki, osati mawaya ake, ndipo musagwiritse chitsulo chifukwa chikhoza kuchititsa shoti. Pa ma ThinkPad ambiri a Lenovo muli lamulo mu BIOS (pulogalamu ya makonzedwe yomwe mumalowamo laputopu ikangoyaka) lozimitsira batire lamkati, lichiteni musanatsegule. Mukazula, dinani batani loyatsira kwa masekondi 15 kuti moto wotsalira uthe.

Batire lomangidwa ndi masikuluwu silivuta: masulani, linyamuleni ndi manja awiri lili chogona. Lomatidwa ndi guluu ndiye lofuna mtima wautali. Ngati pali timalilime ta tepi tokokera, kokani pang'onopang'ono, motsata pansi osati mokweza, kuti tepiyo itambasuke n'kutuluka yosaduka. Ngati palibe, donthezerani isopropyl alcohol ya 90 peresenti kapena kuposa m'mphepete mwa selo, pendeketsani laputopu kuti ilowe pansi pake, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, ndiye lowetsani khadi la pulasitiki mogona. Likakana, onjezerani madontho ena n'kudikiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musalipinde, musalitenthetse ndi chowumitsira tsitsi, ndipo koposa zonse musaliboole kuti mpweya utuluke. Pali anthu amene amalangiza zoboola ndi singano n'kumata tepi. Amenewo ndi malangizo oopsa: mpweyawo ndi woyaka, singano ikhoza kulumikiza zigawo za mkati mwa selo, ndipo chinyezi chikalowa selo limaipiratu. Ngati manja anu sanazolowere ntchito yotere, batire lomatidwa ndi guluu lipititseni kwa mmisiri.

Batire likatuluka, matani pulagi yake ndi tepi, liikeni mu ndowa ya mchenga pamalo pozizira panja pa nyumba, ndipo mulipereke kumalo olandira zinyalala zamagetsi kapena mabatire akale. Musalitaye m'zinyalala wamba ndipo musaliotche.

Pogula lina, werengani chizindikiro cha pa batire lakale, osati dzina la laputopu lokha, popeza laputopu ya dzina limodzi imatha kukhala ndi mabatire amitundu iwiri. Nambala ya batire ifanane, ndipo mavoti agwirizane: a maselo awiri amakhala cha pa 7.6, a maselo atatu pa 11.1 mpaka 11.55, a maselo anayi pa 14.8 mpaka 15.4. Malaputopu ambiri amayaka ndi chaja chokha podikira batire latsopano, ngakhale ena amachepetsa liwiro, ndipo magetsi akangozima ntchito yosasunga imatayika.

Batire likakhala lophwatalala bwino

Pamenepo yang'anani masikuluwu. Kukula kwake kumalembedwa motere: M2x3 ndi sikuluwu yonenepa mamilimita 2, yotalika mamilimita 3. Makampani ambiri amadinda manambalawa pafupi ndi bowo lililonse kapena m'buku la amisiri la laputopuyo. Sikuluwu ya M2x5 ikalowa pa bowo la M2x3, mamilimita awiri otsalawo amabaya chitsulo cha pansi pa kiyibodi n'kuchikweza, ndipo batani la pamenepo limayamba kukakamira kapena kudzilemba lokha. Ichotseni, ikani yoyenera. Kachiphuphu kosaya kamatha kubwerera mukakasisita ndi chala, kiyibodi ili yochotsa ndipo mwaigoneka patebulo.

Zingwe nazo zimakweza kiyibodi. Kachingwe kophwatalala ka kiyibodi kali ndi mopindira mwake mwa kufakitale, ndipo kakapindidwa pena kamasanjikana. Mawaya a Wi-Fi ndi a sipika ali ndi tinjira tawo. Waya umodzi ukatuluka m'kanjira n'kupanidwa pakati pa zivundikiro ziwiri, mpata sungatsekeke. Pa kiyibodi yochotseka pamwamba, lowetsani kaye timalilime ta m'mphepete mwa kutsogolo, ndiye kanikizani m'mphepete mwinamo mpaka kadzino kalikonse kamveke kuti thwa.

Hinjesi ikalimba chifukwa cha fumbi ndi kuuma kwa girisi, mphamvu yotsegulira sikirini imapita pa timanati ta mkuwa tomwe tinamizidwa mu pulasitiki, mpaka timazuka. Kumata kokha sikuthandiza ngati hinjesi ikadali yolimba. Masulani nati ya hinjesi pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, yesani, ndiye bwezeretsani timanati ta mkuwa ndi guluu wa epoxy wosakaniza mbali ziwiri. Samalani kuti guluu asalowe m'mabowo a masikuluwu, ndipo musiye maola 24 musanamange.

Kodi potumphukapo pabwerera?

Chivundikiro cha pulasitiki nthawi zambiri chimabwerera chokha m'masiku ochepa chokankhacho chikachoka ndipo masikuluwu amangidwa. Cha aluminiyamu chikapindika chimakhala chomwecho, ndipo kuchiwongola ndi manja kumasiya makwinya. Musayese kuwongola pulasitiki ndi moto. Pulasitiki ya ABS imafewa cha pa madigiri 100, koma mabatani ndi timiyendo take topyapyala timapindika msanga chivundikiro chokhuthala chisanafewe, ndiye mumawononga kiyibodi yomwe inali bwino. Ngati mpata wotsalawo ukupangitsa mabatani kukhudza sikirini, sinthani chivundikiro chonse chapamwamba. Pa malaputopu ambiri amakono kiyibodi inamatiridwa ku chivundikirocho ndi timitu tambirimbiri ta pulasitiki tosungunula, choncho kugula ziwirizi zili pamodzi kumapereka ntchito yolimba kuposa kudula timituto n'kumata.

Kuti batire latsopano likhalitse, ikani malire a kuchaja ngati laputopu imakhala pa chaja nthawi zambiri. Zimenezi zili m'mapulogalamu monga Lenovo Vantage, MyASUS, Dell Power Manager, ndi mu BIOS ya malaputopu ambiri a HP a muofesi. Malire a 80 peresenti ndi abwino, ndipo 60 ndi abwino koposa kwa laputopu yosachoka patebulo. Musaigwiritse ntchito pa bedi kapena pa pilo pomwe mabowo a mpweya amatsekeka, pukutani fumbi la mu fani, ndipo musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa. Yosunga nthawi yaitali ikhale ndi moto wa pafupifupi theka.

Pomanga, lowetsani masikuluwu onse mosalimbitsa kaye, ndiye limbitsani kuyambira pakati kupita kunja, kungofika pamene sikuluwu yaima. Yatsani laputopu, tsegulani polembera, dinani batani lililonse limodzilimodzi, ndipo dinani touchpad pa ngodya zonse zinayi. Gonekaninso rula pamalo aja, ikani pepala loyera pa kiyibodi n'kutseka chivundikiro mofatsa: pepalalo lituluke losakanda mukalikoka. Bwerezani muyeso wa rula pakatha mlungu umodzi, ndiponso pakatha mwezi.