Zilembo zoyera pamzere wakuda pa TRS-80 Model 100

Achimwene, mwati mwagula TRS-80 Model 100 pamsika wa zinthu zakale kuno ku Johannesburg, ndipo mukufuna kuti mawu ena azioneka oyera pamalo akuda, ngati dzina losankhidwa pa menyu yake. N'zotheka, ndipo BASIC, chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha kakompyuta ka 1983 kameneka, imakwanitsa yokha.

Ikanimo mabatire a AA anayi, muyatse. Pa menyu sankhani BASIC, dinani ENTER, kenako lembani izi:

10 CLS
20 PRINT CHR$(27);"p";"MONI ABALE";
30 PRINT CHR$(27);"q"
40 PRINT "ZIKOMO"

Dinani F4 kuti pulogalamu iyende. MONI ABALE atuluka oyera pakuda, ZIKOMO abwera mwa nthawi zonse.

CHR$(27) ndi chizindikiro cha ESC, chouza makinawo kuti chilembo chotsatira ndi lamulo, si choti chilembedwe. "p" imatembenuza, "q" imabwezera.

Apa ndipamene ambiri amakodwa: p ndi q akhale aang'ono. Ngati CAPS LOCK ndi yodinidwa, mulemba P ndi Q aakulu, omwe ntchito yawo ndi kuonetsa ndi kubisa kesa (kachizindikiro koonetsa pamene mukulemba), ndiye mudabwa kuti palibe chasintha. Mzere 30 musausiyenso, apo ayi chilichonse chotsatira chituluka chotembenuzika.

Sikirini yake ili ndi mizere 8 ya zilembo 40, choncho PRINT @40, yosankha malo oyambira kulemba powerenga kuchokera pa 0, imayambira pamzere wachiwiri. Kuda kukaoneka kotuwa, pukusani kagudumu ka DISP m'mbali mwa makinawo.