Mayeso a udokotala kunja: zoti mudziwe inu amene munaphunzira ku Blantyre

Dokotala amene anamaliza ku College of Medicine, n'kugwira intaneshipu yake pachipatala cha Gulupu, sachita kuuzidwa maonekedwe a munthu amene wadwalika. Anagonapo ku wodi ya ana m'dzinja malungo atavuta, anathandizapo mayi wotaya magazi pakati pausiku, ndipo amadziwa kupeza mtsempha pamkono wa mwana amene watha madzi m'thupi. Koma akafika ku Leeds, ku Perth kapena ku Johannesburg, zonsezi sizimupatsa chilolezo chokhudza wodwala ngakhale mmodzi. Ena mwa inu mukusamalira okalamba m'nyumba zawo, ena munatsatira banja, ena munapita kukachita masitazi. Mauthenga anu akatipeza kuno ku Blantyre, funso limakhala lomwelo: ndiwerenge buku liti? Adokotala, buku mulipeza, ndipo kuwerenga mumatha kale. Chimene chimagwetsa anthu athu kwambiri ndi mapepala otha mphamvu nthawi isanakwane, komanso kalankhulidwe kathu ndi wodwala.

Yambani ndi kusankha dziko limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ku UK chilolezo chimachokera ku GMC, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, ndipo ambiri amalowera pa mayeso a PLAB, amene ali ndi magawo awiri, PLAB 1 ndi PLAB 2. Ku America kuli mayeso a USMLE, amene amalembedwa m'magawo otchedwa Step: kuyambira mu Januwale 2022, Step 1 amangonena kuti wakhoza kapena walephera, choncho malikisi a Step 2 CK ndiwo amayang'anidwa kwambiri, ndipo mukakhoza mumayambiranso maphunziro a ukatswiri (residency) ngakhale munali katswiri kale. Ku Australia kuli mayeso a bungwe la AMC, oyamba a mafunso 150 pakompyuta, kenako oonana ndi odwala. Ku South Africa mumadzera ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo pamafunikanso kalata yovomereza yochokera ku unduna wawo wa zaumoyo. Mayesowa safunsa zofanana. Step 1 ikubwezerani ku biochemistry ndi pathology ya chaka chachiwiri, pomwe PLAB ikufunsani chimene mungachite wodwala ali patsogolo panu. Wowerengera zonse ziwiri nthawi imodzi, uku akugwira mashifiti a usiku, amangotopa. M'munsimu ndikhazikika pa UK, poti ndi kumene ambiri ofunsa muli.

Tsono za mapepala, chifukwa gawo lalikulu la nkhaniyi lili konkuno kumudzi. GMC siikulembani m'kaundula digiri yanu isanatsimikizidwe ndi bungwe la ku America la ECFMG kudzera mu ndondomeko yake ya EPIC. Mumatsegula akaunti, n'kutumiza digiri yanu, ndipo iwo amalembera sukulu imene inakupatsani digiriyo kuti ivomereze kuti ndi yeniyeni. Apa ndiye kuti liwiro la zinthu lachoka m'manja mwanu. Yambani zimenezi lero, musanatsegule n'komwe buku. Pezaninso mnzanu wa m'kalasi amene akadali ku Blantyre, woti atha kutsika minibasi pa Ginnery Corner n'kukafunsa mwaulemu ku ofesi ngati pempho lanu lafika. Kalata ya pa intaneti imatha kukwiririka pakati pa zinzake zambirimbiri, koma munthu woima pakhomo amayankhidwa.

Samalani ndi maina. Amene munamaliza chaka cha 2021 chisanafike, digiri yanu ndi ya University of Malawi, koma sukuluyo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Polemba mafomu, yang'anani mmene sukuluyo yalembedwera mu World Directory of Medical Schools, ndipo muonetsetse kuti zikugwirizana ndi zimene zili padigiri yanu. Dzina lanunso likhale limodzi papasipoti, padigiri ndi pachiphaso cha Medical Council of Malawi. Achemwali amene munasintha dzina mutakwatiwa, satifiketi ya ukwati ikhale pafupi. Kalata ya intaneshipu isangonena kuti munamaliza. Ionetse madeti a dipatimenti iliyonse imene munadutsamo, chifukwa a GMC amawerenga miyezi imene munakhala ku medicine ndi ku surgery.

Vuto lenileni ndi loti pepala lililonse lili ndi nthawi yake. Zotsatira za mayeso a Chingerezi zimagwira ntchito zaka ziwiri. Mukakhoza PLAB 1, muli ndi zaka ziwiri zoti mukhoze PLAB 2. Mukakhoza PLAB 2, muli ndi zaka zina ziwiri zoti mulembetse. Certificate of Good Standing, kalata ya ku Medical Council yonena kuti mulibe mlandu pantchito, imatha mphamvu pakangotha miyezi itatu, ndipo imafunika kuchokera ku dziko lililonse limene munalembetsako m'zaka zisanu zapitazo. Wina amaitanitsa kalatayi koyambirira poganiza kuti akuchita changu, tsiku lolembetsa likafika n'kupeza kuti inatha kale. Winanso amakhoza Chingerezi, n'kukhala chaka akusonkha ndalama, kenako miyezi ingapo akudikira malo a PLAB 2, pomaliza n'kubwereranso kukalipira Chingerezi chomwe chija. Lembani madeti onsewa papepala limodzi, mulimate pakhoma pamene muziliona tsiku lililonse. EPIC ikhale yoyamba, kalata ya ku Medical Council ikhale yomaliza.

Chingerezi musachidelere. Inde, tinaphunzira m'Chingerezi kuchokera ku pulayimale mpaka kuyunivesite, koma GMC imafuna 7.5 pa mayeso a Chingerezi a IELTS Academic, popanda gawo lotsika pansi pa 7, kapena giredi B m'magawo onse anayi a OET, mayeso a Chingerezi a ogwira ntchito zaumoyo. Pa IELTS, gawo lolemba ndi limene limabweza anthu ambiri anzeru. Ine ndimalangiza OET, chifukwa imakupatsani ntchito imene mumaidziwa: kulemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina, kumvetsera wodwala akufotokoza vuto lake. Inu amene mukusamalira okalamba muli ndi mwayi umene ena alibe. Agogo amene mukuwasambitsa m'mawa uliwonse akulankhula Chingerezi chomwe mudzachimve m'chipinda cha mayeso, chothamanga, chomeza mawu, chotchula ululu m'njira zosapezeka m'mabuku. Tcherani khutu.

PLAB 1 ndi mafunso 180 m'maola atatu, kutanthauza mphindi imodzi pafunso, ndipo imalembedwa kanayi pachaka. Kuyambira mu 2024 mafunsowa amatsatira mndandanda wa mitu ya mayeso a chilolezo a MLA, womwewo umene ophunzira a m'masukulu a ku UK amayesedwa nawo. Uli pa webusaiti ya GMC, utsitseni. Chimene muyenera kusintha ndi yankho limene limabwera loyamba m'mutu. Bambo wa zaka 60 wosuta fodya akutsokomola magazi ndipo wawonda. Ku Gulupu dzanja limalemba lokha: makhololo ku GeneXpert, kuyeza HIV. Kumeneko yankho ndi kumutumiza mwachangu kwa akatswiri pomuganizira khansa ya m'mapapo. Kwathu womwa poizoni nthawi zambiri wamwa tameki kapena mankhwala a m'munda, ndipo timathamangira atropine. Kumeneko ndi paracetamol, ndipo akufuna mudziwe kuti magazi amayezedwa pakatha maola anayi chimwereni, ndiponso nthawi yoyambira acetylcysteine. Pa BP ife tinazolowera kuyamba ndi mankhwala a HCTZ; malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a chithandizo kumeneko, amayang'ana zaka za munthu, mtundu wake ndiponso ngati ali ndi shuga, n'kusankha pakati pa mankhwala monga ramipril ndi amlodipine. Palinso zinthu zimene kwathu sitinaphunzire n'komwe, monga malamulo a DVLA, bungwe lopereka ziphaso zoyendetsera galimoto, onena kuti wodwala sitiroko kapena wogwa khunyu asiye kuyendetsa galimoto kwa nthawi yaitali bwanji.

Choncho chitani mafunso ambiri oyeserera, muli ndi wotchi pambali, ndipo funso lililonse limene mwalakwa mukalifufuze mu NICE CKS, chidule cha malangizo a chithandizo, kapena mu BNF, buku la mankhwala la ku UK. Mafayilo a mafunso akale amene amazungulira pa WhatsApp ndi pa Telegram amakhala ndi mayankho olakwika komanso akalekale, poti malangizo amasintha. Mwayi wolemba ndi kanayi, koma musaudalire. Kulephera kulikonse kumadya ndalama ndiponso miyezi ya pepala lija lili pakhoma.

PLAB 2 ndi imene ndikufuna muimvetse bwino. Imachitikira ku Manchester. Mumadutsa m'zipinda 16, chilichonse mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo mkatimo muli munthu wochita sewero ngati wodwala kapena wachibale. Amakuyesani pa zinthu zitatu: kufunsa ndi kupima, chithandizo chimene mwasankha, ndi mmene mwakhalira ndi munthuyo. Pachitatupo ndi pamene chizolowezi chathu chimatipweteka.

Ganizirani mmene timachitira ku wodi. Bambo wapezeka ndi khansa ya kummero. Timaitanira gadiyani pakhonde, kapena timadikira amalume afike, n'kuwauza motsitsa mawu. Iwo amati, "Adokotala, musawauze, angataye mtima," ife n'kuvomera, chifukwa kwathu matenda ndi a banja lonse ndipo pali chifundo chenicheni m'menemo. M'chipinda cha ku Manchester mudzakumana ndi mwana wamkazi wopempha zomwezo. Mukangovomera, mwagwa. Mukamukalipira ndi malamulo, mwagwanso. Akufuna muone mantha ake, mumufunse chimene akuopa, kenako mumuuze mofatsa kuti bambo ake ali ndi ufulu wodziwa za thupi lawo, kuti mudzayamba mwawafunsa kuchuluka kwa zimene akufuna kumva, ndiponso kuti iye atha kukhalapo ngati bambowo alola. Ndipo musanakambe chilichonse ndi wachibale, funso loyamba ndi lakuti wodwalayo wavomereza kodi.

Zoterezi zilipo zambiri. Mtsikana wa zaka 15 akufuna mankhwala olera makolo ake osadziwa: werengani malangizo a Fraser, onena za kupereka mankhwalawa kwa osakwana zaka 16, ndipo mudziwe kufunsa za msinkhu wa chibwenzicho popanda kumuweruza. Munthu wamkulu wanzeru zake akukana kuikidwa magazi: lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limamulola kusankha ngakhale chimene inu mukuona kuti n'cholakwika. Wodwala wathu tikamufunsa kuti "mwamva, mayi?" amati "eya adokotala" n'kunyamuka, ngakhale sanamve. Wa kumeneko amayembekeza kuti mumufunse chimene iye akuganiza kuti chikumuvuta, chimene chikumudetsa nkhawa, ndi chimene amayembekeza kuti mumuchitire. Kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu, kumene kwathu ndi ulemu, kumeneko kumaoneka ngati mukubisa kanthu kapena simukumvetsera. Muyang'aneni munthuyo, ndipo akasiya kulankhula musathamangire kudzaza mpatawo.

Palinso nkhani yoitana wamkulu. Amene munagwirapo ku chipatala cha boma monga ku Chikwawa kapena ku Mwanza munazolowera kusenza zonse nokha, poti panalibe woti n'kumuitana. Mayesowa akukuyesani ngati dokotala wa chaka chachiwiri pantchito. Kunena kuti muyamba chithandizo chakuti ndipo muitana registrar, dokotala wamkulu kwa inu, ndi yankho lolondola, ndipo n'limene akulidikira.

Zimenezi siziphunzirika powerenga. Pezani anzanu awiri, mmodzi akhale wodwala, wina agwire wotchi, muzisinthana, ngakhale pa vidiyo. Dzijambuleni pafoni n'kudzimvetsera. Masukulu okonzekeretsa anthu alipo ambiri ku Manchester, ndipo amathandiza kuti muzolowere zidole zopimira ndi zipangizo zawo, koma chenjerani ndi ziganizo zoloweza zimene ena amaphunzitsa. Woyesa amene wamva chiganizo chimodzimodzi cha chifundo kwa anthu khumi m'mawa womwewo amazindikira kuti n'choloweza. Luso la manja ndi diso lozindikira wodwalika muli nazo kale kuchokera ku Gulupu, choncho nthawi yanu yambiri ipite ku kulankhula.

Za ndalama tinene mosabisa. PLAB 1 imaposa mapaundi 250, PLAB 2 ili pafupifupi mapaundi 1,000, osawerengera Chingerezi, EPIC, ulendo, malo ogona ndi kulembetsa. Mitengo imakwera, choncho onani ya chaka chimenecho. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera kuno, musadalire kuti khadi la banki ya kumudzi likulipirirani tsiku limene malo a mayeso atsegulidwa. Khalaninso pansi ndi abale. Auzeni mayi ndi achimwene kuti kwa miyezi yakuti ndalama yotumiza ichepa, ndipo muwauze chifukwa chake. Anthu akauzidwa zoona amamvetsa, kusiyana n'kungoona foni yasiya kuyankhidwa.

Kukhoza sikutanthauza kuti ntchito yapezeka. Madokotala okhoza PLAB achuluka kuposa malo oyambira, ndipo mu 2025 boma la UK linalengeza kuti pa malo a maphunziro a ukatswiri lizitsogoza amene anaphunzira kwawoko. Malawi alinso pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 osowa ogwira ntchito zaumoyo, choncho makampani olemba anthu ntchito saloledwa kubwera kudzakukopani. Chololedwa n'choti mufunsire nokha, monga pa NHS Jobs, webusaiti ya ntchito za m'zipatala za boma za ku UK (NHS). Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni ntchito ku NHS ndi wakuba. Chimene chimathandiza ndi clinical attachment, masabata angapo otsatira consultant m'chipatala popanda malipiro, kuti muone kayendedwe ka zinthu ndi kupeza munthu wa konko wokuchitirani umboni. Funsani kaye ngati viza yanu ikulola.

GMC idzafuna mufotokoze zimene mwakhala mukuchita m'zaka zisanu zapitazo, ndipo olemba ntchito amafunsa za nthawi imene simunagwire wodwala. Sungani satifiketi ya kosi iliyonse imene mwachita. Akuluakulu amene anakuyang'anirani ku Gulupu muziwapatsa moni nthawi ndi nthawi, ndipo muwapemphe musanalembe dzina lawo pafomu, chifukwa fomu ya umboni ikawafika mwadzidzidzi pakati pa ward round ndi kiliniki imatha kukhala milungu. Ku Medical Council of Malawi pitirizani kulipira chaka ndi chaka. Kalata ya miyezi itatu ija idzachokera komweko, ndipo mukadzafuna kubwera kudzagwira ntchito kuno, kaya kwa mwezi umodzi kaya kubwereratu, dzina lanu lidzakhala likadali m'kaundula.