Momwe mungasungire chakudya cha miyezi itatu pakhomo osachiwoletsa ngati ine

Amene munali mu Lusaka muno mu 2024 simufunika kukumbutsidwa. Januwale kolera mpaka odwala kumawagoneka ku Heroes Stadium, kumapeto kwa Febuluwale a Hichilema kulengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ndiye madzi atachepa ku Kariba malaiti kumabwera maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zinanso usiku tili mtulo. Kuyambira pamenepo kwathu ku Chawama sitikhala opanda kachakudya kosunga, ndipo a neba akhala akundifunsa momwe timachitira, ndiye ndati ndingolemba.

Choyamba werengani pakamwa. Musayerekeze, lembani pakhoma tsiku lomwe mwatsegula thumba la unga la 25kg ndi tsiku lomwe latha. Ife tilipo 6 ndipo limatitengera masabata awiri ngati sikunabwere alendo, koma alendo a kumudzi sachita kuimba foni, ndiye onjezanipo thumba limodzi la iwowo.

Chachiwiri, musasunge unga wambiri, sungani chimanga. Unga sukhalitsa, makamaka rola, imayamba kuwawa msanga kuposa bulekifasi chifukwa mtima wa chimanga uli ndi mafuta. Chimanga mumangotapa pang'ono kupita nacho kuchigayo malaiti akabwera. Nthawi yogula ndi Juni ndi Julaye anthu atangokolola, ukadikira Disembala ulira. Ine ndimatuma alamu anga ku Katete, ngakhale mutaphatikiza ya transipoti zimatsikabe. Ngati mukugula konkuno tengani meda yanu, pali ena meda zawo anazimenya kunsi, ndipo pisani dzanja mpaka pansi pa thumba chifukwa pamwamba amaika choyera, pansi zinyalala ndi mchenga.

Manje apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, kuyanika. Chaka choyamba ndinagula matumba anayi a 50kg kumapeto kwa Epulo kwa bambo wina wa kalole, mtengo unali wokoma moti sindinafunse zambiri, iye akuti "bwana ichi chauma gwa, chatuluka munkhokwe." Ndinathira m'madramu awiri apulasitiki, kutseka bwinobwino, n'kumadzitama kwa amayi a ana kuti chaka chino njala tiziimvera pa wailesi. Mu Ogasiti nditatsegula dramu loyamba, chivindikiro mkati chinali ndi thukuta, ndikapisa dzanja chimanga chikufunda ngati muli munthu wamalungo, pansi chagwirana zibuma zobiriwira ndi chuku, fungo ngati la chimera. Apongozi anga anangoyang'ana n'kunena kuti, "Atate ake a Mwana, chimenechi munachiluma musanagule?" Ndinalibe yankho. Ndinkafuna tichitsuke tiyanikenso tigayitse, iwo anakana, ndipo anachita bwino chifukwa chuku chimenechi ndi chomwe chimabweretsa poizoni uja amati aflatoxin, sachoka ngakhale muphike bwanji ndipo amawononga chiwindi. Mukumbukira mu Ogasiti 2024 boma linalengeza za agalu ambiri omwe anafa chifukwa cha chakudya cha chimanga chotere. Ndiye musapatsenso nkhuku kapena galu. Dramu lonse tinakwirira, lachiwiri tinapulumutsako theka.

Ndiye chitani izi. Chimanga chikafika, kaya wogulitsa walumbira pa dzina la ndani, chiyanikeni pa tenti kapena pamphasa masiku atatu anayi, osati pa dothi, muzichitembenuza ndipo dzuwa likapendeka lowetsani chisagwidwe ndi mame. Lumani njere, youma imathetheka n'kusweka, yaiwisi mano amangolowa. Ngati simukhulupirira mano anu tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma masupuni awiri, tsekani, khutchumulani, siyani kwa mphindi 15 n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwererani padzuwa. Petani, chotsani zoswekasweka ndi zowola chifukwa anankafumbwe amayambira pamenepo. Ndipo musachitsekere chili chotentha chochokera padzuwa, chizizire kaye pamthunzi.

Posungira, ine ndinasamukira ku matumba aja a PICS, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, mumafinya mpweya n'kumanga lililonse palokha, tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Ndi odulirapo koma mumagwiritsa ntchito zaka zingapo bola khoswe asaboole. Amene mukufuna mankhwala a fumbi ngati Actellic gulani mushopu ya zaulimi, botolo losatsegula, osati tumapepala ta pamsewu topanda dzina, tina ndi phulusa chabe. Mapilisi aja otulutsa gasi musalowetse m'nyumba yogonamo anthu, amapha. Matumba akhale pa mapaleti kapena njerwa, osagunda khoma, ife a kukomboni kuno tikudziwa zomwe mvula ya Januwale imachita, a ku Kanyama ndiye sindinena.

Ndiwo ndi zosavuta. Nyemba, kaya kabulangeti kaya za Solwezi, ziyanikeni chimodzimodzi, koma dziwani kuti zikakalamba zimadya malasha. Kapenta wouma mubaketi yotseka, soya, mfutso ngati kumudzi akukutumizirani, mchere, shuga, saladi ya malita 5. Filiji musaidalire, tonse tinataya nkhuku chaka chija.

Madzi, zigubu za malita 20 zosachepera zinayi, zotsuka bwino, osati zomwe munali petulo. Kabotolo ka klorini kakhalepo, muyezo walembedwa pabotolo pomwepo, thirani dikirani mphindi 30. Mapaketi a ORS a wotsegula m'mimba sungani, akasowa sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Zotsalazi mukuzidziwa. Thumba la malasha mvula isanayambe, mbaula, machesi, ka sola kochajira foni, mankhwala a BP a agogo. Kandalama ka m'manja kakhalepo chifukwa netiweki ikagwa ndalama ya mufoni siigula pamela, kapaketi kaja ka unga. Chitupa cha NRC ndi makadi a ana akusikelo m'pulasitiki, pamwamba pa wadiropu. Thumba lililonse lembanipo deti ndi makala ndipo muziyamba kudya lakale, ife lomwe tikugayitsa pano ndi la Julaye.